Tianthu ta sentimita 1.7 m'mbali mwa chulu: zotheka ndi ziti?

Tadala Mwale: Akuluakulu a pagulu lino, ndigawireniko nzeru. Buku lomwe ndikulemba ndi la tianthu ting'onoting'ono tokhala pakati pa tizilombo, mudzi wawo uli m'mbali mwa chulu cha m'munda wa chimanga. Msinkhu ndawapatsa sentimita 1.7, ndiye kuti munthu wa masentimita 170 ndamuchepetsa ka 100. Mutu 1 amayi akutunga madzi ndi mitsuko pa chithaphwi n'kukaphika pamoto. Mutu 2 anyamata akusaka chiwala ndi mauta. Mutu 3 mtsikana akuthawa linthumbu atakwera njuchi. Sindikufuna kuti wowerenga wodziwa zinthu aliponye pansi bukuli. Chosatheka pamenepa n'chiti?

A Gondwe: Zonse zitatu, mayi, koma musataye mtima. Yambani ndi masamu a thupi, zinazo zichokera pomwepo.

Mukachepetsa msinkhu ka 100, mwachepetsanso m'lifupi ka 100 ndi kuchindikala ka 100. Kulemera kumatsika ka 100 × 100 × 100, ndiye kuti ka 1,000,000. Munthu wa makilogalamu 65 atsala ndi mamiligalamu 65. Njuchi yantchito imalemera pafupifupi mamiligalamu 100, kotero mtsikana wanuyo akuposa theka la njuchi yomwe mukufuna imunyamule.

Mphamvu ya mnofu simatsata kulemera, imatsata kukula kwa pomwe mwaudula pakati, ndipo pamenepo patsika ka 100 × 100, ka 10,000 kokha. Thupi lapepuka ka miliyoni, mphamvu yatsika ka 10,000. Poyerekeza ndi thupi lake, kamunthuko kali ndi mphamvu ka 100 kuposa ife. Njere ya chimanga ndi pafupifupi mamiligalamu 300, kasanu kulemera kwake, koma mwana akhoza kuisenza. Chovuta chikhala kuigwira bwino ndi kusapepesuka nayo, osati kulemera. Galileo analongosola lamulo limeneli mu 1638, ndipo J.B.S. Haldane analembapo za nyama mu 1926.

Kugwa nakonso si nkhani. Munthu wamkulu akamagwa kuchokera kumwamba liwiro lake limakaima pafupifupi makilomita 200 pa ola chifukwa mpweya umamutchinga. Kwa kamunthu kanu liwirolo ligawidwa ndi 10: makilomita 20 pa ola. Kagwe kuchokera pa ngayaye ya chimanga kapena pa nsonga ya mbawa, n'chimodzimodzi, kadzuka n'kusasa fumbi. Ngati muli ndi malo omwe wina akulendewera pa tsamba owerenga n'kumagwira mtima, mantha asakhale a kugwako. Akhale a chomwe chikumudikira pansipo.

Limbani K.: Ndiye kuti m'mudzi mwawomo mulibe makwerero eti? Kutsika n'kungodziponya basi. Izi zokha zandisangalatsa kale.

Mayi Nachisale: A Gondwe anena zokoma, ine ndinene choopsa: kuzizira. Thupi limapanga kutentha ndi mnofu wonse koma limakutaya ndi khungu. Mwa kamunthuka khungu lachuluka ka 100 poyerekeza ndi mnofu. Mwa nyama zoyamwitsa zopepukitsitsa padziko muli swiswiri wa mtundu wa Etruscan, wolemera pafupifupi magalamu awiri. Mtima wake umatha kugunda mpaka ka 1,500 pa mphindi, amadya chakudya choposa kulemera kwake tsiku lililonse, ndipo akakhala maola ochepa osadya amafa. Kamunthu kanu n'kopepuka ka 30 kuposa swiswiri ameneyu. Usiku umodzi wa mu Juni ku Dedza, kakagona panja, sikaona m'mawa.

Apa ndi pomwe chulu chikupulumutseni, ndipo ndikukulangizani kuti mudziwo muulowetse m'kati, usakhale m'mbali. Chiswe chomanga zulu zazikulu, cha mtundu wa Macrotermes, chimalima bowa m'kati. Antchito amatafuna udzu ndi mapesi ouma, n'kuumba zisa zabowoabowo, bowa wa Termitomyces n'kumera pamenepo n'kumafewetsa chakudyacho. M'zipinda za zisazo mumafunda pafupifupi madigiri 30 usana ndi usiku, ndipo mumakhala chinyezi chambiri. Chinyezicho n'chofunika chimodzimodzi: khungu la munthu lilibe phula lomwe limakuta chigoba cha kachilombo, kotero dzuwa la Okutobala, pomwe dothi lapamwamba limapitirira madigiri 50, lingamuumitse asanadutse mizere iwiri ya m'munda.

Ndiye tianthuto tili ndi chifukwa chenicheni chokakamira m'chulu ngakhale eni chulu sakutifuna. Nkhani yanu ndi imeneyo.

Tadala Mwale: Zikomo mayi. Nanga chakudya adya chochuluka bwanji? Ndinalemba kuti njere imodzi ya chimanga ikwanira mudzi wonse mwezi wathunthu.

A Gondwe: Mwawaumira. Nyama ikachepa, njala yake simachepa mofanana ndi thupi. Pa lamulo la Kleiber, lomwe limayerekeza kulemera kwa nyama ndi chakudya chomwe imafuna, thupi likapepuka ka miliyoni, chakudya chimatsika pafupifupi ka 32,000 kokha. Munthu wamkulu atati azidya chimanga chokha afuna pafupifupi magalamu 550 pa tsiku. Gawani: mamiligalamu 17 kapena 18 pa tsiku, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lake. Njere imodzi ndi ya munthu mmodzi kwa masiku 17. Mudzi wa anthu 200 udya njere 12 pa tsiku, chisononkho cha njere 400 chitha pa mwezi. Ndipo awa ndi masamu ochepetsetsa, m'nyengo yozizira achuluka. Sadya katatu pa tsiku ayi, azingobwira ali pa ntchito, ndipo aliyense wotuluka panja azinyamula kamba.

Wongani Chirwa: Ndilowererepo monga wowerenga. Mukatsata sayansi mpaka kumapeto buku palibe, chifukwa ubongo sungachepe chonchi. Munthu ali ndi maselo a ubongo pafupifupi 86 biliyoni, njuchi ili nawo osakwana miliyoni imodzi, ndipo selo silingafinyidwe ka 100 n'kumagwirabe ntchito. Kamunthu ka sentimita 1.7 koganiza, koyankhula, kokonda ndi kochita nsanje kulibe. Ndiye achemwali, sankhani bodza lanu poyera. Ine ndingati mabodza awiri okha: ubongo wawo ndi wa munthu, ndipo magazi awo ndi ofunda malinga akhale pofunda n'kumadya. Awiriwo musawafotokoze, musawapepesere, musabweretse mfiti kapena dokotala woti alongosole. Wowerenga amavomera bodza lalikulu pa tsamba loyamba. Chomwe sakhululuka ndi timabodza tating'ono ta pa tsamba 40, monga mtsuko wothira madzi.

Limbani K.: Mtsuko walakwanso chiyani abale?

A Gondwe: Mtsuko wa masentimita 30 ukhala wa mamilimita atatu, kukamwa kwake mwina milimita imodzi ndi theka. Pamwamba pa madzi pali kukokana komwe kumachita ngati kakhungu. Pa zinthu zochepera mamilimita atatu, kakhunguko kamaposa kulemera kwa madziwo. Mtsukowo mukauviika sudzadza bwino chifukwa mpweya ukanirira m'kati, ndipo ukadzadza, ngakhale muuzondotse madzi satuluka. Kapu ndiye musanene.

Njira zogwira ntchito ndi izi. Dontho la mamilimita awiri limaima lokha ngati mpira pa tsamba laphula, monga la koko, ndiye akhoza kulikoka pa kachidutswa ka tsambalo. Kapena aviike kampira ka thonje, akafika kunyumba afinye. Kapena ayale ulusi kuchokera pa dothi lonyowa mpaka m'chipinda, madzi azikwera okha. Pomwa, asaike nkhope pa dontho: madzi amamatirira n'kukuta mphuno ndi kamwa nthawi imodzi. Wamkulu wokhala ndi popondera adzisolola, chifukwa kukoka kwa madziwo m'chiuno mwake n'kofanana ndi kulemera kwa thupi lake ndipo mphamvu ali nazo. Khanda silingathe. Amwere pa ulusi, ndipo lamulo loyamba kwa ana m'mudzimo likhale la madontho. Wonyowa aumitsidwe msanga, chifukwa madzi akamauma pakhungu amachotsa kutentha komwe alibe kale.

Mvula: dontho lalikulu la mamilimita asanu limalemera mamiligalamu 65, ndendende munthu wanuyo, ndipo limafika pansi pa liwiro la mamita 9 pa sekondi. Ofufuza a ku yunivesite ya Georgia Tech ku America anaonetsa mu 2012 kuti udzudzu umapulumuka ukaombedwa ndi dontho chifukwa ndi wopepuka kwambiri, umangotengeka nalo kenako n'kudzimasula. Kamunthu koima pa dothi kalibe kotengekera, nkhonya yonse ithera pa iko.

Che Jafali: Za moto ndiyankhe ine. Lawi silichepetseka. Lawi la machesi ndi lalitali kuposa munthu wanuyo. Mukati mukoleze kamoto ka milimita imodzi kazima pompo, chifukwa kutentha kumathawira m'mbali msanga kuposa momwe nkhuni zikukupangira. Lawi limalephera ngakhale kudutsa pa kabowo kopapatiza, n'chifukwa chake nyale ya m'migodi ya Humphry Davy ya mu 1815 inkakutidwa ndi sefa ya waya. Mafuwa atatu ndi kamphika pamwamba, iwalani. Khala lotoledwa pomwe anthu aakulu awotcha mapesi lingafunditse chipinda kwa kanthawi, koma laling'ono lizima msanga, lalikulu liwapha ndi utsi, ndipo mphika wa mamilimita atatu uuma madzi musanavundule.

Chakudya chawo chikhale chosafuna moto: ufa wonyowetsa n'kuusasitsa, timibulu toyera ta bowa ta pa zisa za chiswe, uchi, mungu, mafuta a ngumbi, madzi otsekemera omwe nsabwe za m'masamba zimatulutsa. Nyerere zimaweta nsabwe zimenezi, zimazisisita ndi tinyanga kuti zitulutse dontho. Ziweto zanu ndi zimenezo, ndipo mkangano wa msipu ndi nyerere muli nawo kale.

Tadala Mwale: Mopanda moto m'chulu muli mdima wa ndiweyani. Aziona bwanji?

A Gondwe: Ngakhale panja saona bwino. Kabowo kolowera kuwala m'diso lathu ndi ka mamilimita 2 mpaka 8. Mwa iwo ndi 0.02 mpaka 0.08. Kuwala kolowa kwachepa ka 10,000, ndipo kuwala kukamadutsa pa kabowo kotere kumamwazika, chithunzi n'kuchita chimbuuzi. Ife timasiyanitsa zinthu zotalikirana gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri (digiri ya ngodya, osati ya kutentha). Iwo asiyanitsa pafupifupi digiri yathunthu, monga njuchi. Mnzawo woima pa mtunda wa mita imodzi ndi kadontho chabe. Nkhope aizindikira pokhapokha ali pafupi kwambiri. Mwezi ndi theka la digiri, kotero kwa iwo ndi chiwalitsiro chopanda m'mphepete, ndipo nyenyezi zambiri sanazionepo. Mukawapatsa maso aakulu, otenga theka la nkhope, zipepukako pang'ono.

Mawu nawonso. Timinofu ta pakhosi tafupika ka 100, ndiye liwu la bambo lomwe limanjenjemera ka 120 pa sekondi likwera kufika cha m'ma 12,000, kufupi ndi polekezera khutu la munthu wamkulu, lomwe limathera pa 20,000. Ndi kaliwu kofooka kosapita patali. Kufuula kuti mnzako wa kutsidya kwa mzere amve sikutheka.

Mayi Nachisale: Chiswe chinathana nazo kale zimenezi. Antchito ndi agang'a alibe maso. Chulu chikaboooledwa agang'a amamenyetsa mitu pansi mofulumira, kunjenjemerako kumayenda m'dothi, ena akamva ndi miyendo amabwereza, uthenga n'kufika pakatikati. Tianthu tanu tiimbe ng'oma pa khoma la chulu n'kumamvera ndi mapazi kapena chikhatho. Mukhoza kupanga kaimbidwe ka "linthumbu", ka "mvula", ka "khasu".

Koma chachikulu m'chulu ndi fungo. Chiswe chimazindikira mnzake pomukhudza ndi tinyanga n'kumva mafuta a pa chigoba chake, ndipo chulu chilichonse chili ndi kasakanizidwe kake. Wopanda fungolo amalumidwa. Pali tizikumbu tomwe timakhala m'zulu moyo wonse, tikudyetsedwa ndi eni nyumba, chifukwa tatengera fungo lawo. Ndiye mwambo wa tsiku ndi tsiku wa anthu anu ukhale wodzola: kupala mafuta pa chiswe chakufa kumene kapena kudzipaka dothi la m'zipinda zamkati, thupi lonse mpaka m'tsitsi. Zolakwika zake n'zodziwikiratu. Thukuta ndi mvula zimasukulutsa. Wochedwa panja amabwera akununkha zachilendo. Wodzola za chulu china ndi mdani pakhomo pake pomwe. Munthu wofuna kupha mnzake m'nkhani yanu safuna mpeni, angomusinthira mafuta.

Konzaninso izi ngati munalemba mwina. Chiswe si mtundu wa nyerere, abale ake ndi mphemvu. Manthu samalamula aliyense: ali m'kachipinda ka dothi lolimba pamodzi ndi mwamuna wake, mimba yatupa mpaka masentimita 10, sangathe kutuluka, ndipo amaikira mazira masauzande ambiri pa tsiku kwa zaka zoposa 10. Poyerekeza ndi anthu anu ndi chinthu chotalika kasanu ndi kamodzi msinkhu wawo, chomwe chimangogunda ngati mtima antchito akuchinyambita. Mukamuveka chisoti n'kumupatsa mawu mwataya chinthu choopsa kwambiri chomwe chili m'chulumo. Agang'a alipo amitundu iwiri, aakulu olondera makomo ndi aang'ono operekeza antchito, ndipo sadzidyetsa okha, amadyetsedwa. Mpweya wa m'zipinda zapansi ndi wolemera, uli ndi mpweya woipa wochuluka kuposa panja, kotero anthu anu amange m'njira za m'mwamba momwe mpweya umayenda, azitsikira ku zisa pokafuna chakudya ndi kufunda.

Wongani Chirwa: Pa manthu ndikutsutsani pang'ono mayi. Buku lopanda woyankhula naye kumbali ya tizilombo limauma. Sindikuti ayankhule Chichewa. Koma payenera kukhala munthu m'mudzimo, mwina gogo wina, yemwe amati amamva zofuna za manthu, ndipo wowerenga asadziwe ngati akunena zoona kapena akudyera pomwepo.

Mayi Nachisale: Zimenezo ndavomera, bola manthuyo akhale chete.

Che Jafali: Tibwere ku mauta a mutu 2. Muvi wa milimita zisanu ndi ziwiri ulibe kulemera. Mpweya umaugwira usanapite patali, ndipo ukafika pa chigoba cha chiwala ungodumpha. Mikondo yoponya ndi legeni chimodzimodzi. Pa msinkhu umenewu chopha ndi chobaya uli pafupi, chomata, ndi chotseka mpweya.

Chobaya: chigoba n'cholimba koma pa mfundo pali kakhungu kofewa. Malo ake ndi pakhosi pakati pa mutu ndi chifuwa, m'munsi mwa mwendo pomwe walumikizana ndi thupi, ndi pakati pa mphete za mimba. Munga wa mthethe ndi mkondo wabwino wogwira anthu awiri. Mano a gang'a wakufa ndi chikwanje chopangidwa kale. Dziwani kuti kachilombo sikafa msanga: chiwala chodulidwa mutu chimathabe kukankha, ndipo miyendo yake yakumbuyo ili ndi minga. Alenje ayambe adula kapena kumanga miyendo imeneyo. Nthawi yabwino ndi m'bandakucha, chiwala chisanawothere dzuwa, chifukwa chikazizidwa sichidumpha bwino. Koma nawonso alenjewo akuzizidwa, ndiye ali ndi mphindi zowerengeka.

Chomata: ulimbo kapena utomoni wopaka pa njira. Chotseka mpweya: kachilombo sikapumira kukamwa, kamapumira timabowo ta m'mbali mwa chifuwa ndi mimba. Mafuta kapena madzi a sopo akalowa m'timabowomo kamafa. Kukanyonga pakhosi n'kutaya nthawi. Phulusa losefa nalo ndi chida: limakanda ndi kuyamwa phula la pa chigoba, kachilombo n'kuuma pang'onopang'ono, n'chifukwa chake alimi ena amasakaniza phulusa ndi mbewu posunga kuti anankafumbwe asalowe. Limagwira louma lokha, likanyowa latha ntchito.

Za njuchi. Imabwerera kumng'oma ndi timadzi ta maluwa tolemera mwina mamiligalamu 40. Munthu wa 65 pamsana, pomwe pali mapiko, siuluka naye. Ndipo ululu wa mbola imodzi ndi wokwanira kupha kamunthu kotere kambirimbiri, palibe zoti watupa n'kuchira. Mukafuna chokwera tengani dzombe. Limalemera pafupifupi magalamu awiri, wokwerayo ndi magawo atatu okha pa 100 a thupi lake. Dzombe lofiira limaswana m'madambo a ku Chilwa ndi Chiuta, ndiye ngati munda wanu uli cha ku Machinga kapena Zomba silichokera kutali. Limayamba kuuluka miyendo ikachoka pansi ndipo mphepo ikaomba tiubweya ta pamutu pake. Wokwera akhale pa chishango cha kuseri kwa mutu, kutsogolo kwa mapiko. Siliphunzira dzina, silikonda mwini wake, ndipo moyo wake ndi wa miyezi chabe. Chaka chilichonse kugwira latsopano.

Limbani K.: Nanga kangaude? Buku la tizilombo lopanda munthu wokodwa mu ukonde ndi ndiwo zopanda mchere.

Che Jafali: Akodwe, koma wolemba adziwe ulusi wake. Pa ukonde wozungulira, ulusi wochokera pakati kupita m'mbali ndi wa m'mphepete simata. Womata ndi wozungulirawo. Munthu wodziwa ayenda pa wowongokawo, koma kangaude amamva kugwedezeka kulikonse, ndiye aziyenda mphepo ikamaomba. Ulusi wosamatawo ndi chingwe chabwino kuposa china chilichonse chomwe angapeze. Ulusi wosokera zovala kwa iwo ndi chingwe chochindikala masentimita awiri kapena atatu pa muyeso wathu, ndipo kachidutswa ka chitenje sikapindika pathupi, kamaima gwa. Zovala aluke ndi ulusi wa kangaude kapena tiubweya ta thonje timodzitimodzi.

Oopsa kwenikweni ndi akangaude odumpha, omwe satchera ukonde ndipo amaona bwino kuposa tianthu tanu. Onjezani chiswamphika, buluzi, nanzikambe, chule, ndi nkhuku. Mavu omanga ndi dothi pakhoma saapha zomwe agwira: amabaya mbozi kapena kangaude kuti zife ziwalo, n'kuzitsekera m'kachipinda pamodzi ndi dzira, mphutsi izidya zamoyo. Ngati mukufuna mutu wopulumutsa munthu wogwidwa, ndi umenewo, ndipo nthawi yake ndi masiku ochepa dzira lisanaswe.

Mayi Nachisale: Linthumbu lilembeni mosamala. Ndi lakhungu, limayenda ndi fungo, ndipo gulu limodzi limatha kukhala ndi nyerere mamiliyoni. Silithamangitsa munthu mmodzi ngati galu. Limasefukira, kutsogolo kwake kuli kotambalala, ndipo chizindikiro choyamba ndi tizilombo tina tonse tikuthawira mbali imodzi. Wothawa apite cham'mbali, adutse pomwe pali phulusa kapena madzi, asakwere phesi lopanda kolowera kwina chifukwa likwera naye.

Mdani woyenera chulu ndi nyerere zazikulu zakuda za Megaponera, zomwe zimadya chiswe chokha. Zazikulu zake zimafika pafupifupi masentimita awiri, msinkhu wa anthu anu. Kazitape mmodzi amapeza pomwe chiswe chikudya, amabwerera, n'kutsogolera mzere wa mazana angapo. Zazikulu zimaswa dothi lomwe chiswe chakuta, zazing'ono zimalowa kukapha, kenako zonse zimabwerera pamzere zitanyamula mitembo. Erik Frank ndi anzake, pofufuza ku Comoé m'dziko la Côte d'Ivoire, anafalitsa mu 2017 kuti zimanyamula zinzawo zovulala kubwerera nazo kwawo, ndipo pambuyo pake anaonetsa kuti zimatsuka mabalawo. Pankhondo yanu, wopha kazitape asanafike kwawo waletsa nkhondo yonse.

Tadala Mwale: Funso lina. Ulendo wochoka pachulu kukafika ku nkhokwe, mamita 100, ndinaupatsa masiku atatu. Ndi zoona?

A Gondwe: Pa njira yosalala ayi. Liwiro loyenda silitsika ka 100, limatsika ka 10, chifukwa miyendo yaifupi imaponya mofulumira. Makilomita 5 pa ola akhala theka la kilomita pa ola, masentimita 14 pa sekondi. Mamita 100 ndi mphindi 12. Chotalikitsa ulendo ndi china: mzere uliwonse wa m'munda ndi chitunda chotalika kakhumi kapena kuposa msinkhu wawo, saona patali ndiye amasochera, masana dothi likuwotcha, usiku kukuzizira, bwalo la pakhomo ndi la nkhuku. Maola oyendeka ndi m'mawa dzuwa litangofunda ndi madzulo lisanalowe. Masiku atatuwo asiyeni, koma awathere pobisala ndi podikira, osati poponda.

Wongani Chirwa: Chenjezo limodzi achemwali: manambala onsewa akhale m'kope lanu, asalowe m'buku. Mpangankhani wanu sadziwa miligalamu. Amadziwa kuti mwana wa mlongo wake anafera m'dontho la mame, ndipo n'chifukwa chake amamenya ana akamasewera pa tsamba m'mawa. Komanso musamayerekeze chilichonse ndi zinthu za anthu aakulu. Mukalemba kuti udzu unali wautali ngati mitengo, ndinu mukuyankhula, iye mtengo sanauonepo wonse. Muyeso wake ukhale wa kwawo: mapazi, utali wa gang'a, njere.

Tadala Mwale: Ndamva. Mutu 1 watsopano ukhala usiku wa ngumbi. Makomo a chulu atseguka, anthu aakulu abwera kudzatchera, ndipo mtsikana uja atsekeredwa panja fungo litasukuluka ndi mvula. Mayi Nachisale, ndondomeko ya usiku umenewo ikhale yotani kuti ndisaphonye?

Mayi Nachisale: Ngumbi zimakhala zitakhwima kale m'kati, zikudikira mvula yoyamba yamphamvu, cha mu Novembala kapena Disembala. Masiku angapo zisanatuluke antchito amakumba njira zofika pafupi ndi kunja n'kusiya kadothi kopyapyala, ngumbi n'kusonkhana m'munsi mwake. Anthu anu aona zimenezi, ndiye tsikulo siliwadzidzimutsa. Dothi likanyowa ndipo mphepo ili bata, antchito amaboola, agang'a amatuluka n'kuzinga bowo lililonse mitu itayang'ana kunja, ngumbi n'kuyamba kutuluka. Ola lake limasiyana ndi mtundu wa chiswe, china madzulo, china usiku, china m'bandakucha, ndiye sankhani limodzi musalisinthe. Kutulukako sikutenga nthawi yaitali, ndipo zikangotha antchito amamata mabowo ndi dothi lonyowa ndi malovu. Mtsikanayo ali ndi nthawi yokhayo, ndipo khomo lililonse lotseguka lili ndi agang'a omwe sakumudziwanso.

Panja pakhala achule, abuluzi, nyerere, mileme ndi mbalame, zonse zabwera kudzadya. Otchera amakhala ataphimba mbali ya chulu ndi udzu n'kukwirira ndowa kapena mphika m'dzenje kuti ngumbi zigweremo. M'kati mwa ndowa ndi moterera, wogweramo satuluka yekha pokhapokha atakwera pa ngumbi zinzake zikadzadza. Ngumbi ikatera imathothola mapiko onse anayi pa kamzere ka m'munsi mwake, yaimuna n'kumatsatira yaikazi pambuyo pofuna pokumba. Mapikowo ndi aatali kuposa mtsikanayo, opepuka ndipo salowa madzi msanga, awiri amukwanira pofunda. Ngumbi yongotuluka kumene ili ndi fungo la chulu chake. Akaipeza yakufa, adzipake mafuta ake asanayandikire bowo, kuyambira manja ndi mutu, chifukwa ndi zomwe tinyanga ta gang'a tiyambe kukhudza.